Ku Simon's Town, pa Doko la Eni Ake

Ambiri a inu mudziwa kuti mlamu wanga anatisiya mu Meyi 2024, ndipo ena munabwera kudzakhuza maliro kumudzi kwathu kufupi ndi phiri la Domwe. Mukumbukanso kuti mwana wake wachisamba sanaoneke pasiwa, ndipo anthu ananong'onezana monga achitira pamaliro. Mnyamatayo ndi msilikali wa pamadzi, wa gulu lija boma limalitcha Marinha de Guerra. Masiku amenewo anali pakati pa nyanja m'chombo cha dziko la South Africa, kumene akuluakulu ake anamutumiza kwa miyezi ingapo kuti akatumikire pamodzi ndi amalinyero a kumeneko. Ife tinali ndi nambala ya foni yake yokha, ndipo foni pakati pa nyanja ndi chitsulo chabe. Uthenga anaupeza chombo chitakocheza, atate ake atagona kale m'manda masiku asanu ndi limodzi.

Mu Ogasiti chaka chomwecho ndinatumidwa ku msonkhano wa abusa ku Cape Town. Usiku woti ndinyamuka mawa lake, mlongo wanga anabwera ndi kathumba ka ufa woyera, nyemba pang'ono, ndi chipewa cha malemu mwamuna wake. Anati, "Achimwene, mukamuuze abwere. Tisawonjezere mtchona wina pa mbumba ino." Mawu akuti mtchona ife a ku Angónia tiwadziwa bwino. Pafupifupi banja lililonse lili ndi wina amene anapita ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Rhodesia, nalemba kalata kawiri katatu, kenaka zii. Koma m'mamawa, chapa itaima kale pamsewu, mlongo wanga yemweyo anandigwira dzanja nati, "Koma ngati kumeneko kuli mtendere, mukamuuze asafulumire." Ndinamvetsa. Kuyambira mu Okutobala 2017 ku Cabo Delgado kuli nkhondo, ndipo msilikali wa pamadzi akabwerera kwawo, kawirikawiri njira yake iloza ku Pemba. Motero ndinanyamuka ndi mauthenga awiri otsutsana ochokera m'kamwa mumodzi.

Za ulendo wa pamsewu sindichulutsa. Ulongwe, Tete, Cuchamano, Harare, Beitbridge, Johannesburg, ndipo kuchokera apo makilomita ena 1,400 kudutsa dziko louma la Karoo, kumene munthu ayenda maola ambiri osaona munda wa chimanga ngakhale umodzi. Msonkhano utatha ndinapatula tsiku Loweruka. Ndinakwera sitima ya pamtunda ku Cape Town kulowera kummwera. Pofika pa Muizenberg njanji itsata gombe, moyandikira madzi kotero kuti mafunde akamenya miyala, thovu lake lifika pamawindo. Ine ndinakulira kumapiri. Madzi aakulu amene ndinawadziwa ndi Zambezi pa mlatho wa Tete, ndipo Zambezi ali ndi tsidya lina looneka. Ndinakhala chilili pawindo ngati mwana, kufikira mayi wina atandipempha kuti ndimupatse njira. Pa Fish Hoek ndinatsika n'kukwera kaminibasi komalizira mtunda wotsalawo.

Simon's Town ndi tauni yopyapyala, yopanikizika pakati pa phiri ndi madzi, makilomita 40 kummwera kwa Cape Town. Msewu waukulu ndi umodzi, wotchedwa St George's Street, wokhala ndi nyumba zakale zosanja zamakonde, ndipo nyumba zina zakwera phiri monga achitira mbuzi. Kumunsi kuli khoma lalitali, ndipo kuseri kwa khomalo kuli doko la nkhondo: zombo zotuwa ngati phulusa, milongoti yodzala mawaya, ndi makina onyamulira katundu. Nyanja ya pamenepo itchedwa False Bay. Amene mudziwa Chipwitikizi mudzamva msanga tanthauzo lake, pakuti amalinyero akale obwerera kuchokera ku India ankaona phiri la kummawa kwake n'kuganiza kuti afika kale pa nsonga ya Cape, nakhota nthawi isanakwane. Phirilo analitcha Cabo Falso.

Chimene chinabweretsa zombo pamalo ano ndi mphepo. M'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, namondwe ku Cape achokera kumpoto chakumadzulo, ndipo kale ankaswa zombo zambiri pa doko la Table Bay. Simon's Town ali kuseri kwa phiri, kumene mphepoyo ifika itatopa. Bwanamkubwa wa Adatchi, Simon van der Stel, anayendera gombeli mu 1687, ndipo dzina la tauniyi ndi lake. M'zaka za m'ma 1740 Adatchi analamula kuti zombo zawo zizikocheza kuno nyengo yozizira. Angerezi anakhazikitsapo likulu la zombo zawo za nkhondo mu 1814, nakhalapo zaka 143, mpaka pamene anapereka dokoli kwa South Africa mu 1957. Tsiku limene ndinalipo ndinaona ndekha nzeru ya akalewo. Pamwamba pa phiri mitambo inali kuthamanga, koma pa doko madzi anali bata ngati a m'mtsuko.

Mphwanga ndinamupeza pa bwalo lotchedwa Jubilee Square. Anali atavala yunifolomu yathu, mbendera ya Mozambique ili paphewa. Anavula chisoti, nandigwira dzanja ndi manja onse awiri, mawondo atapinda pang'ono, nati, "Amalume, mwayenda bwanji?" Anali ataonda. Tonse awiri tinadziwa chimene ndinadzera, koma nkhani ya maliro siyambidwa munthu ali chiimire pamsewu. Choncho anayamba kundionetsa tauni.

Pabwalo pomwepo pali chifanizo cha mkuwa cha galu wamkulu. Dzina lake anali Just Nuisance, ndiko kunena kuti wosautsa basi. Galuyo ankakonda amalinyero a Angerezi, nakwera nawo sitima ya pamtunda kupita ku Cape Town popanda tikiti. A njanji ataopseza kuti amupha, akuluakulu a zombo anamulemba usilikali mu 1939, chifukwa msilikali wa pamadzi ankayenda ulere pa sitima. Atafa mu 1944 anamuika m'manda mwa ulemu wa chisilikali pamwamba pa phiri. Alendo ambiri anali kujambulitsa atamukumbatira. Ndinaseka nawo, pakuti nkhaniyo ndi yoseketsadi. Koma m'tauni yomweyi anthu akuda a ku Luyolo anasamutsidwa mokakamiza mu 1965 kupita ku Gugulethu, ndipo mu 1967 boma la tsankho linalengeza kuti Simon's Town ndi wa azungu okha. Mabanja a asodzi ndi a anthu ogwira ntchito pa doko, ena okhala pano mibadwo yambiri, anawatengera ku Ocean View, kuseri kwa phiri. Galu anapatsidwa tikiti yaulere, ndipo eni mudzi anakwezedwa malole. Kuseka kwanga kunathera pakhosi.

Mkati mwa doko munthu wamba salowa wamba, koma nyumba yosungiramo zakale za asilikali a pamadzi ili yotsegukira aliyense. Ili m'nyumba yakale imene ankasungiramo milongoti, ndipo pamwamba pake, pamene ankasokera matanga, pali kachalitchi ka amalinyero. Tinayenda pakati pa anangula, mifuti ndi zifanizo za zombo, iye akundifotokozera moyo wake wa miyezi imeneyo. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ambiri munandifunsa kuti kodi mwana wathu anagulitsidwa kwa eni dziko lina.

Sanagulitsidwe. Msilikali wotumizidwa motere akhalabe wa dziko lake. Avala yunifolomu ya kwawo, udindo wake ndi womwewo, ndipo malipiro ake achokera kwawo, mu metikali, ngakhale buledi agula ndi randi. Koma akaponda m'chombo, pa zonse za m'chombomo amvera kaputeni wake ndi akulu a pansi pake, monga wina aliyense. Pokwera apereka sawatcha kwa mbendera ya eni chombo imene ili kumbuyo kwake. Ulonda ndi wa maola anayi anayi, usana ndi usiku, ndipo umene onse audandaula ndi wa pakati pa usiku kufikira 4 koloko m'bandakucha. Agona pa kabedi kopapatiza, wina pamwamba wina pansi, ndipo katundu wake yense akwana m'kabati yaing'ono kuposa bokosi la sukulu. Madzi akumwa chombo chidzipangira chokha posefa mchere m'madzi a m'nyanja, motero posamba munthu anyowetsa thupi, atseka mpopi, apaka sopo, natsegulanso.

Chimene chinamusautsa koposa poyamba ndi chinenero. Malamulo onse ali m'Chingerezi, ndipo mwambo wa panyanja ndi wakuti wolandira lamulo alibwereze mokweza monga walimvera, kuti wolamulayo adziwe kuti lamveka. Iye anaphunzira ntchito m'Chipwitikizi. Dzanja lamanzere la chombo analidziwa kuti bombordo, lamanja estibordo, koma apa anamva port ndi starboard. Anati masabata oyamba mawu ankalowa m'khutu m'Chingerezi, nawatembenuza m'Chipwitikizi, nawatsimikiza m'Chichewa, chombo chonse chikudikira. Chinamupulumutsa ndi nyali. Pa nyanja zonse za dziko lapansi nyali ya kumanzere kwa chombo ndi yofiira, ya kumanja yobiriwira. Anamanga kaulusi kofiira pa dzanja lake lamanzere kufikira mawuwo atakhazikika. Ndiponso anadwala chizungulire cha mafunde masiku atatu, pakuti nyanja ya ku Cape si ya ku Pemba. Ndi yozizira, ndipo mafunde ake abwera ataliatali kuchokera kummwera, kumene kulibe mtunda wowatchinga.

Podyera ndiye panali zinenero zonse: Chixhosa, Chizulu, Chisotho, Chiafrikaans. Nsima ya kumeneko, imene aitcha papa, anati ilipo koma ufa wake ndi wina. Anandiuza kuti atanena kwa anzake kuti amalume anga akubwera, Azulu awiri anatembenuka modabwa, chifukwa mawu akuti malume ndi awo omwe, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo, mlongo wa mayi. Anawafotokozera kuti makolo a Angoni a kwathu anachokera kummwera konkuno m'zaka za m'ma 1800, nawoloka Zambezi, ndipo dzina lakuti Angónia lichokera kwa iwo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumusungira malo pagome.

Nanga chifukwa ninji mayiko asinthana asilikali chotere? Gombe la dziko lathu litalika makilomita oposa 2,400, ndipo zombo zathu zolilondera ndi zochepa. Mu Disembala 2010 achifwamba a ku Somalia analanda chombo chophera nsomba chotchedwa Vega 5 m'madzi athu, muli anthu athu ambiri. Anachisandutsa chombo chawo chochitira uchifwamba, kufikira asilikali a pamadzi a ku India atachigonjetsa mu Marichi 2011, kutali ndi kwathu, ndipo si onse amene anabwerera. Chaka chomwecho cha 2011 South Africa anatumiza chombo chachikulu cha nkhondo, SAS Mendi, kukalondera nyanja ya pakati pa ife ndi Madagascar, chikukocheza pa Pemba, ndipo mu 2012 mayiko atatu, Mozambique, South Africa ndi Tanzania, anasainirana pangano lothandizana pa ntchitoyi. Koma chombo cha eni chikakhala m'madzi athu, mphamvu yoimitsa ngalawa ndi kugwira munthu ndi ya dziko lathu. Pafunika munthu wathu m'chombomo, wodziwa malamulo athu, wotha kulankhula ndi asodzi pa wailesi m'chinenero chimene amva. Ndipo munthu wotereyo sangaphunzire machitidwe a chombo cha eni tsiku la ngozi. Ayenera kuti anadya nawo kale, nagona nawo, nadziwa kulira kwa belu lawo.

Dzina lija lakuti Mendi lili ndi mbiri yake yolemera. Linali dzina la chombo chimene chinamira pa 21 Febuluwale 1917 kufupi ndi gombe la England, chitagundidwa ndi chinzake m'nkhungu. Chinanyamula amuna akuda a kuno kummwera opita ku France kukagwira ntchito za manja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo oposa 600 anafera m'madzi ozizira. Ngozi za panyanja sizinathe ndi nthawi zakale. Mu Seputembala 2023 funde linakokolola amalinyero pamwamba pa sitima yoyenda pansi pa madzi, SAS Manthatisi, kufupi ndi Kommetjie kuseri kwa phiri lomweli, ndipo atatu anafa. Izi ndinaziika mumtima poganizira uthenga wachiwiri wa mlongo wanga, uja wonena za mtendere.

Dzuwa litapendeka, mphwanga anati, "Amalume, pali malo amene ndimapita ndikafuna kukhala ndekha." Tinayenda kummwera kutsata msewu, kulowera ku Seaforth. Alendo ambiri apita njira imeneyo kukaona mbalame zija zosauluka zotchedwa penguin, zimene zinayamba kuswana pa gombe la Boulders m'zaka za m'ma 1980. Ife tinapatukira kumanda akale, amene anatsegulidwa mu 1813. Ali pamalo otsetsereka, pansi pa mitengo, moyang'ana nyanja. Muli akuluakulu a zombo za Angerezi, muli anyamata ogwa kuchokera pamilongoti, muli Mabunu amene anafera mu ukaidi pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Koma iye ananditengera ku miyala ina, yolembedwa mawu akuti Krooman.

Anthu amenewa anali Akru, a ku gombe la Liberia ndi Sierra Leone, akatswiri opalasa ngalawa pa mafunde. Kuyambira m'zaka za m'ma 1830 Angerezi ankawalemba ntchito m'zombo zawo za nkhondo, kuphatikizapo zimene zinkanyamuka pa doko lino kukasaka zombo za akapolo ku gombe lathu la Mozambique. Mayina awo enieni sanalembedwe. Amalinyero achizungu ankawapatsa mayina a Chingerezi, ambiri a iwo achipongwe kapena a nthabwala, ndipo omwewo ndiwo ali pamiyala, pamodzi ndi dzina la chombo. Anthu a mtundu womwewu anafika ngakhale kwathu: David Livingstone anatenga Akru 12 ku Sierra Leone mu 1858 kuti ayendetse kasitima kake kotchedwa Ma Robert, kamene kanakwera Zambezi mpaka pa Tete. Mphwanga anati miyala imeneyi anaipeza sabata imene anamva za atate ake. Anati, "Ndinkaganiza, kodi kwawo kwa awa anamva liti? Kapena amayi awo anafa akuyang'anabe kunjira?"

Pamenepo tinakhala pansi pa kakhoma, ndipo ndinachita chimene ndinadzera. Ndinamufotokozera maliro kuyambira pachiyambi, monga mwa mwambo wathu, osadumpha kanthu: tsiku limene chifuwa chinakula, ulendo wa ku chipatala pa njinga yamoto, ola limene anatsirizika, amene anasambitsa thupi, adzukulu amene anakumba manda, mbali imene mutu unaloza, midzi imene inabwera ndi ufa ndi nkhuni, amene analankhula m'malo mwa banja. Iye anamvetsera atawerama. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha: "Anandifunsa ine?" Ndinamuuza zoona. Anamufunsa kawiri. Kachiwiriko tinawayankha kuti ali pamadzi, ndipo iwo anati, "Musamusokoneze, ali pa ntchito." Apo ndinatulutsa chipewa chija. Analira monga akanalirira pasiwa, mokweza, osachita manyazi ndi yunifolomu, ndipo ine ndinalira naye. Mzungu wina wokalamba woyenda ndi galu wake anatiyang'ana, navula chipewa chake, napitirira. Tinapemphera mwachidule.

Kenaka ndinapereka mauthenga awiri aja. Panjira yonse ndinalimbana ndi maganizo akuti ndibise umodzi. Monga mwini mbumba ndinafuna abwere. Monga munthu amene waona mlongo wake ataika mwamuna m'manda, sindinafune kuti aikenso mwana. Koma uthenga si wa mthenga, ndipo ndinaupereka wonse monga ndinaulandirira. Iye sanadabwe. Anaulula kuti munthu wina wa zombo za malonda, amene anakumana naye m'tauni, anamuuza kuti mnyamata wodziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi ndi ntchito ya panyanja sangasowe malo, ndipo malipiro amene anatchula anali ochulukitsa kangapo amene alandira. Anati anagona nawo maganizo amenewo masabata awiri. Koma kutero kukanakhala kuthawa usilikali, ndipo wothawa usilikali sabwerera kumudzi masana. Ndiponso anati kaputeni wa chombo chija, pomuyamikira tsiku lina, anamuuza kuti akafika kwawo akaphunzitse anzake. "Ndinatumidwa kudzatenga kanthu, Amalume. Ndikakhala kuno ndiye kuti ndadya za eni." Anapempha chinthu chimodzi, kuti chiliza cha atate ake tisamange iye asanafike.

Ndinamukumbutsa kuti asilikali a mayiko a SADC, amene anabwera ku Cabo Delgado mu 2021, anali atangochoka mu Julayi 2024, ndi kuti katundu wotsala agwera iwo. Anati adziwa. Anapinda chipewa chija mosamala nachilowetsa m'jekete, pakuti sichiloledwa kuvalidwa pamodzi ndi yunifolomu. Ufa ndi nyemba anati akapempha wophika wa m'chombo amulole kuphika yekha Lamlungu, adyetse Azulu ake aja nsima yeniyeni.

Pobwerera ku minibasi, kuseri kwa khoma kunalira lipenga, ndipo iye anaima njo pamsewu pomwepo, atayang'ana ku doko. Inali nthawi yotsitsa mbendera, dzuwa likulowa. Ine ndinaima pambali pake ndi chikwama changa, osadziwa pamene ndiike manja.

Nditafika kumudzi, mlongo wanga sanandilole ngakhale kusamba. Anafunsa kuti, "Mwamuuza uti?" Ndinati ndamuuza yonse iwiri. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati mwanayo wanenepa kapena waonda, ndipo ndinati waonda pang'ono. Mnyamatayo anabwera mvula itatha mu 2025, ndi tchuthi cha masiku khumi. Simenti ya chiliza anakanda yekha, chipewa cha atate ake chili kumutu, ndipo dzina analemba ndi msomali simenti isanaume, dzina lonse, ndi mfunda womwe. Tsiku lakhumi amayi ake anamuperekeza mpaka pamsewu, nakwera chapa ya ku Tete, pa ulendo wa ku Pemba.